Wailesi ya sola ija, patha miyezi khumi tsopano

Lamulungu lapitali alamu anga a ku Mkanda anabwera kudzazonda mayi. Tili pakhonde, maso awo anagwera pa kawailesi kanga, ndipo anandifunsa kuti, "Alamu, kameneka nkolimba? Ndikagulitsa soya chaka chino ndikufuna ndipeze kotere." Ndinayamba ndi eya, pakati pa nkhani ndinapezeka ndikunena kuti ayi. Atapita ndinaona kuti ndi bwino ndilembe zonse, chifukwa mawailesi amenewa adzaza m'masitolo ndipo ambiri kuno kwa Kamwendo akuwasirira.

Ndinaigula mu Juni 2025 pa boma la Mchinji, pa mtengo wa K48,000, ndalama ya soya. Ndi yakuda, yokhala ndi kasola kumsana kwake, tochi kumbali, polowetsa memori khadi ndi fulashi, komanso Bluetooth. Chimene chinandikoka ndi cha mabatire. Wailesi yakale inkadya mabatire akuluakulu atatu, ndipo chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wawo unangokwera osabwerera. Kumvera pa foni nakonso kumafuna mahedifoni, munthu mmodzi yekha ndiye amamva, foni nkuthanso moto. Za bandulo sindinena, banja silingamvere nkhani tsiku ndi tsiku pa intaneti.

Zoyenda bwino ndizitchule msanga. Tochi ikuwalabe ngati tsiku loyamba. Sipika ndi yamphamvu, mayi amene makutu anayamba kuvuta amamva ali m'khitchini. Memori khadi ana amaikamo nyimbo za kwaya, sinakanepo. Eriyo inapindika mwana ataikoka koma ikugwirabe. Imakoka bwino MBC Radio 1, Zodiak ndi Mudzi Wathu ya konkuno ku Mchinji, ndipo poti tili kufupi ndi malire, Breeze FM ya ku Chipata imalowanso. Imeneyi ndimaikonda nthawi yokolola, chifukwa munthu umamvako m'mene malonda a mbewu akuyendera tsidya linalo, venda akabwera ndi sikelo yake sakupeza uli mumdima.

Miyezi inayi yoyambirira ndinkaitamanda paliponse. Nthawi ya chisankho cha pa 16 Seputembala ndi imene ndinaona phindu lake lenileni. Masiku odikira zotsatira aja, pa WhatsApp pankayenda manambala osiyanasiyana, wina akuti uyu wapambana, wina akuti uyo, ena kutumiza mawu ojambula osadziwika mwini wake. Anyamata a mafoni ankabwera kudzatiwerengera zimenezo, koma pothera pake onse ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga kudikira kuti wailesi inene. Pa 24 Seputembala, tsiku limene bungwe la MEC linalengeza kuti a Peter Mutharika ndiwo apambana, panali anthu oposa makumi awiri, a zipani zosiyana, khutu lili pa kabokosi kamodzi. Inayamba kulira masana mpaka usiku osazima. Tsiku limenelo mukanandifunsa, ndikanakuuzani kuti K48,000 ija inali yochepa.

Vuto linayamba ndi mvula. Chakumapeto kwa Novembala ndinaona kuti ikumazima isanakwane 9 koloko usiku. Ndinati ndi mitambo, dzuwa likuchepa. Ndinayamba kuipititsa ku babashopu pa Kamwendo kukaitchajitsa pa magetsi, K300 ulendo uliwonse. Kanyali kake kofiira kankasanduka kobiriwira patangotha ola limodzi, kusonyeza kuti yadzaza, koma kufika nayo kunyumba inkangolira mphindi makumi anayi basi. Kazimidwe kake nkowawa: mawu amayamba kunjenjemera, kenako kukhala ngati munthu akulankhula m'madzi, kenako zii. Ndipo inkasankha nthawi yoipa, nkhani za madzulo zili pakati, kapena a zanyengo atangoyamba kutchula zigawo, asanafike ku chigawo chapakati. Mlimi amene akuganiza zothira feteleza wobereketsa mawa lake amafuna amve ngati kukubwera mvula yamphamvu kapena ng'amba. Ine ndinkathamangira kwa aneba kukafunsa kuti anena chiyani.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika mu Januwale. Msuweni wa mayi anamwalira cha ku Kapiri. Abale akumeneko analibe nambala yanga yatsopano, ndiye anapereka uthenga wa maliro ku wailesi monga tichitira. Madzulo amenewo yathu inali itazima kale. Tinamva mawa lake masana kwa mayi wina pachigayo, mwambo woika m'manda uli mkati. Mayi analira, osati maliro okha, koma kuti abale aziti sitinafune kupita. Tinapita patatha masiku awiri kukapepesa. Amene amaona wailesi ngati chongosangalatsa sadziwa kuti kumudzi kuno ndi imene imatiuza za maliro, za tsiku la sikelo ya ana, za katemera wa ziweto, za kolera ikabuka, za mitengo imene boma laika yogulira mbewu.

Sabata yomweyo ndinakwera minibasi kubwerera kwa amene anandigulitsa. Pogula paja anandiuza ndi pakamwa pawo kuti, "Bambo, ikavuta chaka chisanathe mubwere nayo." Lisiti sanandipatse, inenso sindinaitanitse. Nditafika anaitembenuza uku ndi uku, nkundifunsa lisiti lomwelo. Ndinawakumbutsa mawu awo, iwo anati katundu wa magetsi sabwezedwa, mwina ndinkaitchaja ndi tchaja yolakwika. Ndinati, "Achimwene, ndi inu nomwe munandiuza kuti ndiziika padzuwa tsiku lonse." Anangoti akhoza kundichotserako pang'ono ndikagula ina yatsopano, imene tsopano inali pa K60,000. Ndinatuluka mtima ukuwawa, K6,000 ya thiransipoti itapita pachabe. Sikuti ndinkafuna wailesi yaulere. Akanangondiuza chimene chavuta ndi kokakonzetsa, ndikanawathokoza.

Amene anandithandiza ndi mnyamata wokonza mafoni ndi mawailesi pamsika wathu womwewu. Anamasula tizomangira tinayi, nkutulutsa batire limodzi lozungulira, lotalika ngati chala, la mtundu umene amautcha 18650. Pa bokosi analemba manambala akuluakulu a mphamvu yake, koma iye anandipatsa kuti ndilinyamule, nkundipatsanso lina lochokera mu batire la laputopu yakale. Langa linali lopepuka moonekeratu. Anati opepuka otere mkati mwake mumakhala zochepa, zolembedwa kunjazo nzongokopera ogula. Anandiuzanso chinthu chimene sindinkachidziwa: mabatire a mtundu umenewu amadana ndi kutentha. Poti kasola kanamatiridwa pa wailesi penipeni, ukaika padzuwa ndiye kuti ukuwotcha ndi batire lomwe. Ine ndinkaisiya pa denga la malata la khitchini Okutobala yense, dzuwa lija loswa mtengo, ndikuganiza kuti ndikuichitira zabwino. Komanso kasolako nkochepa ngati chikhatho, sikangadzaze batire tsiku la mitambo.

Anaikamo batire lina, pamodzi ndi ntchito yake ndinalipira K9,000. Anandilangiza kugula sola yapayokha yokhala ndi nthambo yaitali, yotchajira mafoni ija, kuti sola izikhala padenga wailesi ili m'nyumba pamthunzi. Ndinaipeza pa K15,000. Chichitireni zimenezo mu Febuluwale, ikulira kuyambira nkhani za m'mawa, masana mayi amamvera mapulogalamu a zaulimi ndi mapemphero, usiku mpaka tonse kugona, osazima. Solayo ikutchajanso foni ya mayi a kunyumba, ndiye za ku babashopu zinatha.

Ndikawerengera zonse, wailesi ya K48,000 yandidyera K78,000, osaphatikiza ma K300 aja. Tsiku limene ndakumbukira nkhope ya mayi pa nkhani ya ku Kapiri ija, ndimaona kuti ndinaberedwa, ndipo sitolo imene ija sindidzapondamonso ngakhale kukagula babu. Koma tsiku lina ndimawerengera mabatire amene ndikanagula pa miyezi khumi ndi wailesi yakale, ndimaona kuti ndalama yanga ikubwerera pang'onopang'ono. Wailesi yeniyeniyo ndi yabwino, imakoka masiteshoni bwino kuposa mawailesi ena odula amene ndawaona kwa anzanga. Chonama ndi batire ndi kasola kaja, ndipo wogulitsa ayenera kuti amadziwa.

Alamu ndawaimbira dzulo. Ndawauza kuti agule, koma asankhe imene batire lake lili ndi kachitseko kotsegula ndi dzanja, kuti likafooka angosintha okha, ndipo pa bajeti yawo awonjezerepo K24,000 ya batire labwino ndi sola yapadera. Lisiti alembetse, ndi mawu a chaka chimodzi aja alembedwe pomwepo, akakana atuluke akagule kwina. Tapangana kuti soya akangogulitsidwa tipitira limodzi, ndipo tikachoka kusitolo tidzadzera kaye kwa mnyamata uja kuti aitsegule tisanapite nayo ku Mkanda.