Mapesi: kuwatentha kapena kuwasiyira nkhungu za m'nthaka?

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, tikakolola mapira ndi chimanga cha kudimba, mapesi amangoti mbwee m'munda. Ena amayatsa moto, ena amawakwirira kuti awole.

Moto suchedwa. Tsiku limodzi munda wayera, koma nayitirojeni wambiri, chakudya cha mbewu, amapita ndi utsi, nthaka n'kutsala pamtetete padzuwa lathu loswa mtengoli.

Ine mtima wanga uli pa kuwoletsa. Phesi limalimba chifukwa cha cellulose, unyolo wautali wa shuga wotchedwa glucose. Nkhungu za m'nthaka (tizamoyo ta mtundu wa chuku), monga Trichoderma, zimatulutsa ma enzyme (timichere tophwanya zakudya) otchedwa cellulase, omwe amagawana ntchito ngati anthu a pa dima. Mwa iwo, endoglucanase amadula unyolowo pakati. Cellobiohydrolase amabenthula kumapeto tizidutswa ta shuga awiriawiri, kenako beta-glucosidase amatigawa kukhala glucose woti nkhunguyo idye. Zotsalira ndizo manyowa osunga chinyezi.

Kungoti ntchitoyi imafuna miyezi, ndipo pouma gwa ngati mu Okutobala imaima. Choncho mapesiwo akwiriridwe kapena athiriridwe.

Mitengo ya thonje yokha ndiyo ndimazula n'kutentha, kuopa kusunga mbozi zoboola thonje mpaka chaka chamawa.