Mzukwa utafika pachitseko, iwo n'kutiikira mpira

Ndikupereka nyenyezi ziwiri, ndipo pa ziwirizo palibe ya mwini malo. Ndikunena imodzi mwa mavidiyo shoo a pa Limbuli. Dzina sinditchula, eni ake adzidziwa okha akamawerenga.

Loweruka lapitali chiperoni chinayamba m'mamawa, phiri losaoneka, ife a kabaza tangokhala pa siteji kuwotha manja pa injini. Alamu anga anati tiyeni tikaone filimu ya Chichewa ija anthu akuikamba, ya mzukwa wa mtsikana. Pa bolodi analemba ndi choko kuti iyamba 1 koloko, K500 yomwe ija. Inayamba 2 koloko itadutsa, chifukwa magetsi kunalibe ndipo mnyamata wa pamakina anayamba wapita kukagula petulo wa jenereta ndi ndalama zathu zomwezo. Zimenezo tinazolowera.

Filimuyo ndi yaumphawi, tisanamizane. Kamera ndi imodzi, mwinanso foni. Mphepo ikawomba mawu a anthu amasowa. Usiku wa m'filimumo ndi masana amene anangowadetsa pa kompyuta, moti munthu akuti kuli mdima wa ndiweyani koma chithunzithunzi chake chili pansi, nkhuku zikupalasa kumbuyo kwake. Magazi amaoneka ngati Sobo wosathira madzi. Mzukwawo anaupaka ufa kumaso n'kuufunditsa nsalu yoyera, koma pena unatulukira utavala masilipasi abuluu, ndipo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ngakhale kumanda kaunjika aliko!" Tonse tinafa nalo phwete. Mnyamata amene anatemedwa ndi chikwanje chakumayambiriro tinamuonanso pakati pa adzukulu, akukumba manda a iye mwini.

Koma nkhani yake imagwira mtima. Mtsikana wapita kutauni kukagwira ntchito ya m'nyumba. Abwana ake ndi anzawo atatu amuchita zachipongwe, amupha, mtembo autaya mumtsinje. Pofuna kudzibisa atuma mphekesera kumudzi kuti agogo ake a mtsikanayo ndi mfiti, ndiwo adya mdzukulu. Mudzi uwotcha nyumba ya agogo. Ndiyeno mzukwa uyamba kuwatola mmodzimmodzi: wina m'bafa, wina m'galimoto, wina pamalo omwera mowa. Pofika pa wachitatu panalibenso woseka masilipasi. Amayi ena pa benchi yathu ankawerenga mokweza, "Watsala mmodzi, watsala mwini wake!"

Apa ndiye pamene ndikulembera zonsezi. Bwana uja wadzitsekera kuchipinda, dzanja ili Baibulo, dzanja ilo chithumwa cha kwa sing'anga, thukuta kamukamu. Nyali yathima. Chitseko chayamba kugwedezeka chokha, loko akutembenuka pang'onopang'ono. M'holo monse muli zii, ngakhale wokukuta chinangwa analeka. Ine ndagwira bondo la alamu osadziwa. Mwadzidzidzi sikirini inachita buluu, kenako kapinga wobiriwira, azungu akuthamanga. Mpira wa ku England. 4 koloko yakwana.

Poyamba tinayesa mnyamata uja wadina molakwika. Ayi ndithu, mwini malo anali ataima pambali pa TV, fulashi ili kale m'thumba la malaya. Ndinadumpha mabenchi awiri kupita kutsogolo.

"Madala, filimu sinathe."

"Achimwene, nthawi ya mpira yakwana. Wofuna kukhala awonjezere, ena tipatseni malo."

"Mwachedwa kuyamba ndinu. Ndiye tibwezereniko theka."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Mwaonera anthu atatu akufa. Mmodzi yekhayo ndiye mukufunira ndalama?"

Anyamata a majezi amene anali atadzaza kale pakhomo anaseka, ena akutikankha ndi mapewa kuti alande mabenchi akutsogolo. Mwano umenewo ndi umene unandiwawa kuposa K500. Munthu wakuchedwetsa ola lathunthu, wakulanda mapeto, kenako akusandutsa choseketsa pamaso pa ana. Alamu akanapanda kundikoka jekete, bwenzi ndemanga ino ndikulembera kwina.

Ndatchula ana. Pansi kutsogolo, pamalo pamene khosi limapweteka, panadzaza tiana, tina tosapitirira sitandade 4, tolowa ndi ndalama zapakhomo zochepa. Gawo lija la chipongwe silinali lachidule. Kamera inakhalitsa pa mtsikanayo, zovala zikung'ambidwa, akulira, mpaka ukuona kuti ojambula apa sakufotokozanso nkhani koma akugulitsa thupi la mwana wa eni. Zikanatheka kuonetsa chitseko chikutsekedwa ife n'kumva tokha. Akuluakulu tinaweramitsa mitu, ana maso ali tong'o. Lamulo loyang'anira mafilimu ndi zisangalalo lilipo m'dziko muno kuyambira 1968, koma pakhomo paja lamulo ndi dzanja lolandira ndalama.

Titatuluka tinabisala mvula pakhonde la golosale, ndipo filimu inapitirira pakamwa. Alamu anga anati n'zachibwana, a ku Nigeria akapanga mzukwa umatuluka moto m'maso, osati ufa wa mgaiwa. Mnyamata wina anati iye amafuna magazi ambiri, atatu aja afa mofulumira. Amayi owerenga aja sanaseke. Anati mwana wawo wamkazi ali ku Blantyre pa ntchito ya m'nyumba, amaimba foni kamodzi pamwezi, abwanawo ali pafupi kumvetsera. "Inu mukuona masilipasi," anatero, "ine ndimaona mwana wanga." Alamu anangoti pepani mayi, n'kukhala chete.

Panalinso bambo ena achikulire, aphunzitsi opuma, amene ndimawanyamula kawirikawiri popita ku Muloza. Iwo anadandaula zina. Anati kodi munamva zimene anyamata ena m'holo muja anachita nyumba ya agogo ikuyaka? Ndinamva. Analiza likhweru, wina n'kukuwa kuti awotchedwe. Chonsecho anali ataona ndi maso awo amene anapha mtsikanayo, filimu inawaonetsa poyera kuti agogowo ndi osalakwa. Aphunzitsiwo anati lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma onani mmene pakamwa pamathamangira.

Kwa ife a kuno zimenezi si za pa sikirini. Ndani waiwala 2017, nthawi ya anamapopa? Mphekesera inayamba cha mu Seputembala, akuti yachokera kutsidya ku Mozambique, n'kufalikira Mulanje yense, Phalombe, Thyolo, mpaka Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, misewu yotsekedwa ndi mitengo, mlendo aliyense wonyamula chikwama ndi wokayikitsa. Anthu anaphedwa popanda kuwapeza ndi dontho la magazi a munthu. A United Nations anachotsa antchito awo ku Mulanje ndi Phalombe, boma linaika malire a nthawi yoyenda usiku, a Peter Mutharika anachita kubwera kudzayankhula ndi anthu. Ine nthawi imeneyo ndinali ndi njinga yakapalasa, ndipo dzuwa likangopendeka sindinkalola kunyamula munthu amene sindikumudziwa. Ndiye ndikaganiza bwino, anyamata opanga filimu aja, ndi umphawi wawo wonse, pa agogo paja analasa. Anaonetsa mmene wolakwa weniweni amaponyera bodza m'mudzi n'kukhala pambali, ife n'kumugwirira ntchito ndi machesi athu. Nyenyezi ziwiri zija ndi zawo.

Lachiwiri m'mawa ndinabwererako, mkwiyo udakalipo, ndikuti lero andibwezera. Mwini malo ndinawapeza okha akusesa makoko a mtedza. Sanakane kundizindikira. Anati, "Achimwene, khalani apo," n'kutulutsa kope la masamu mmene amalembamo zolowa. Tsamba la filimu linali ndi mizere yochepa, la mpira lodzaza mpaka kuseri. Anandiwerengera petulo, lendi, ndi ndalama ya dishi imene amalipira mwezi ndi mwezi. Anati mpira sudikira munthu, filimu ili pa fulashi siithawa. Za kuchedwa kuyamba anavomera. Za mwano anangokanda mutu, kupepesa kwa amuna achikulire n'komweko. Za ana anati akawathamangitsa amakasuzumira pa mabowo a malata, bola alowe alipire. Yankho limenelo sindinalilandire ndipo mpaka pano sindikulilandira.

Magetsi anali atayaka, ndiye anaika fulashi kuti ndione mapeto ndekha, ulere. Ndinakhala benchi yakutsogolo ngati nduna. Loko anatembenuka. Chitseko chinatseguka. Bwana uja anakuwa, Baibulo pansi, chithumwa pansi. Panaoneka phazi limodzi, ndi silipasi yabuluu ija. Kenako mdima, ndi mawu a Chingerezi akuti nkhani ipitirira mu gawo lachiwiri, pansi pake nambala za foni za wofuna kuthandiza ndi ndalama.

Ndiye kuti Loweruka lija ndinafuna kumenyana ndi munthu chifukwa cha mphindi zosakwana zitatu. Madalawo anaseka mpaka kutsamira tsache. Anati iwo ankadziwa, n'chifukwa chake sanaone chobweza. Ndinati mukanangonena. Anati ndikananena mukanandikhulupirira?

Chabwino, ndikuwonjezera nyenyezi imodzi, zikhale zitatu. Mabenchi ndi olimba koma ali ndi misomali, sipika imang'ang'aza mawu, denga limadontha pakona ya kumanzere. Mukafuna filimu pitani pakati pa sabata, tsiku lopanda mpira, ndipo ana asiyeni kunyumba chifukwa pakhomo sawabweza. Gawo lachiwiri akuti lifika ojambulawo akapeza ndalama. Amayi owerenga aja ndinakumana nawo dzulo pamsika akugula matemba, ndinawauza mmene yathera. Anaomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti ndiye kuti bwana uja adakali moyo.