Kulipira msonkho wa MRA: pa intaneti kapena ndi cheke?

Anzanga a mabizinesi, kaya mulipira pa foni kaya mupita kubanki, chiyambi n'chimodzi. Mumalowa pa Msonkho Online, webusaiti ya bungwe lotolera msonkho la MRA, ndi TPIN yanu (nambala yanu ya wolipira msonkho), n'kutumiza return (fomu yoonetsa msonkho umene muyenera kulipira), kenako n'kutulutsa nambala yolipirira ija, PRN. Nambala imeneyi ndi imene imauza MRA kuti ndalamazi ndi za ndani, ndi za msonkho uti, ndiponso za mwezi uti. Kusiyana kumayambira pamenepa.

Cheke chimakomera makampani amene ndalama sizituluka popanda anthu awiri kusaina. Kachishina kamatsala m'buku, ndipo wowerengera ndalama akabwera kumapeto kwa chaka amapeza zonse poyera. Zimenezo n'zoona, sindikutsutsa. Vuto lake ndi nthawi. Cheke si ndalama mpaka banki itachivomereza, ndipo chikakhala cha banki ina chimayamba chazungulira kaye. PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, imafunika pofika pa 14 mwezi wotsatira; VAT, msonkho wa pa katundu ndi ntchito zogulitsidwa, pofika pa 25. Ndiye taganizani mwafika pa kauntala pa 25 pomwepo masana, mzere wafika pakhomo, mabwana amene amasaina nawo ali ku Mzuzu ku maliro. Kapena chonse chalembedwa bwino, koma siginecha yapendekeka pang'ono, manambala sakugwirizana ndi mawu, cheke chabwezedwa. Mlandu wochedwa ndi wanu, ndipo chilango ndi chiwongoladzanja sizimva zoti munali pamzere.

Kulipira pa intaneti, kudzera pa app kapena pa webusaiti ya banki yanu, kumachotsa zonsezi. Mumalemba PRN, mumaona ngati dzina ndi kuchuluka kwa ndalama zikugwirizana ndi zimene munatumiza, n'kuvomereza. Wa ku Chitipa kapena ku Nsanje sawononga ya thiransipoti. Ngakhale nkhani ya anthu awiri osaina ija, mabanki ambiri amalola kuti wina alowetse malipiro, wina avomereze ali kwina.

Koma nayonso ili ndi minga yake. Netiweki imakonda kuvuta pa tsiku lomaliza, pamene aliyense akuthamangira komweko, ndipo magetsi akazima zimaipiraipira. Palinso malire a ndalama zimene akaunti imaloledwa kutumiza pa tsiku. Ngati VAT yanu ndi yaikulu, kambiranani ndi banki pasadakhale kuti akukwezereni. Ndipo ndalama zikachoka mu akaunti koma pa Msonkho Online pakuonekabe ngongole, musathamangire kulipiranso kachiwiri. Sungani uthenga wa banki pamodzi ndi PRN, mukafunse kubanki ndi ku MRA, chifukwa kubweza ndalama zolipira kawiri kumatenga nthawi.

Ine ndimasankha intaneti, ndipo ndimalipira kukadali masiku angapo tsiku lomaliza lisanafike. Amene malamulo a kampani yawo amafunabe cheke, ayambe afunsa kubanki kwawo ngati akulandira cheke pa malipiro a MRA ndi masiku amene chimatenga, kenako achipereke sabata yathunthu tsikulo lisanakwane.