Kirediti kadi yomangira mbiri ya ngongole: nyenyezi 4, imodzi inapita ndi maliro a malume

Kadi iyi ndakhala nayo miyezi 20, ndipo ndikulemba kuti anzanga amene mwadutsa njira ngati yanga kuno ku England mudziwe zomwe muzikumana nazo.

Bizinesi yanga yotumiza katundu kumudzi inagwa nthawi ya Covid. Ndinatsala ndi ngongole ya vani, lendi ya kosungira katundu, ndi makadi awiri odzaza mpaka pakhosi. Nditakhala pansi ndi alangizi a Citizens Advice kuno ku Nottingham, tinaona kuti njira yotsala inali bankruptcy basi, kulengezedwa mwalamulo kuti walephera kubweza ngongole. Kulembetsa kokha ndi mapaundi 680. Tangoganizani, munthu wopanda ndalama kulipira kuti avomerezedwe kuti alibe ndalama! Patatha miyezi 12 ndinamasulidwa, koma dzina limakhala lothimbirira zaka 6 ku Experian, Equifax ndi TransUnion, makampani atatu osunga mbiri ya ngongole za anthu, kuwerengera kuyambira tsiku la chigamulo. Ngakhale foni ya kontilakiti ankandikaniza.

Ndisanapemphe kadi ndinachita zinthu ziwiri. Ndinalembetsa m'kaundula wa ovota ku khonsolo, pajatu ife Amalawi, poti dziko lathu lili mu Commonwealth, timaloledwa bola mapepala okhalira kuno akhale abwino, ndipo obwereketsa ndalama amatsimikizira adiresi ya munthu m'kaundulamo. Kenako ndinayamba ndayesa kaye pa webusaiti ya kampani ya kadiyi, pamene amakuuza ngati angakulandire osasiya chizindikiro chimene obwereketsa ena angaone. Musamangoponya mafomu paliponse ngati mukufesa mapira, pempho lenileni lililonse limalembedwa, ndipo akachuluka mumaoneka ngati munthu amene madzi afika m'khosi.

Anandipatsa malire a mapaundi 250, chiwongoladzanja 34.9% pa chaka. Mlamu wanga ataona pepalalo anaseka, amvekere uyu ndi katapila wovala tayi. Sananame. Koma chiwongoladzanjacho chimaluma yekhayo amene wasiya ngongole kuti igone mpaka mwezi wina. Ine ndinaika direct debit, yoti banki izidula yokha mu akaunti yanga, yobweza ndalama zonse mwezi uliwonse, osati kachidutswa kochepa kamene amakulembera pa sitetimenti, ndipo kadiyo ndimagulira petulo yekha, wa mapaundi 50 kapena 60, woyendera kwa okalamba amene ndimawasamalira. Pa zogula zimenezi sindinalipirepo chiwongoladzanja ngakhale kakobiri.

Tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito sindidzaliiwala. Ndinaima pa kauntala m'manja muli thukuta, maso ali pa kamakina, kumbuyo kwanga mzere wa anthu. Katavomera ndinathokoza mnyamata wogulitsayo kawiri, iye n'kungondiyang'ana modabwa.

App yawo ndi yosavuta, imandikumbutsa tsiku lobweza lisanafike. Mwezi uliwonse amatumiza mbiri yanga ya kabwezedwe ku makampani osunga mbiri aja, ndipo nambala yosonyeza kudalirika kwanga pa ngongole inayamba kukwera, ngakhale mwaulesi ngati nkhono, miyezi yoyambirira osasuntha n'komwe. Chimene sichinandisangalatse ndi uthenga womwe unabwera ndisanathe chaka, wondiuza kuti akhoza kundikwezera malire kufika mapaundi 800. Ena amati kulandira n'kwabwino chifukwa ngongole yako imaoneka yaing'ono poyerekeza ndi malire. N'zoona, koma ine ndimadzidziwa. Makadi aja anandigwetsa anayambanso chonchi. Ndinakana.

Tsopano za maliro. Malume anamwalira ku Dedza, uthenga unandipeza usiku, malipiro atatsala masiku asanu. Bokosi, ufa, galimoto yonyamula anthu, onse maso kwa ine. Ndinatsegula app yotumizira ndalama n'kutumiza mapaundi 150 kuchokera pa kadiyi, ndikuganiza kuti zili ngati kugula petulo. Sitetimenti itabwera ndinapeza kuti anaziwerenga ngati ndatapa ndalama pa ATM. Anandidula kangachepe pomwepo, chiwongoladzanja n'kuyamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, popanda masiku achisomo amene amapereka pa zogula. Ndalama zake sizinali zambiri, chinandiwawa n'chakuti kutapa ndalama pa kirediti kadi kumaoneka pa mbiri yomwe ndakhala ndikuitsuka movutikira. Ndinaimba foni, ndinadikira mphindi 40 ndikumvera kanyimbo kamodzimodzi. Mayi amene anayankha anali aulemu, anandipepesa za malirowo, koma anati zonse zinalembedwa mu mgwirizano. Zinalembedwadi, pa tsamba la timalemba ting'onoting'ono. Kodi app yomwe imatha kundiitanira ngongole yowonjezera ikanalephera kundichenjeza za ichi?

China choti mudziwe, kadi simachapa zakale. Pa lipoti la mbiri yanga ya ngongole ndinapeza kuti kampani ina yomwe ngongole yake inalowa mu bankruptcy inkaonetsabe ngati ndikuthawa kulipira. Ndinailembera ndekha kalata, ndi umboni wakuti ndinamasulidwa, ndipo inakonza patapita milungu ingapo. Malipoti amenewa muli ndi ufulu wowaona kwaulere, aoneni a makampani onse atatu aja chifukwa safanana.

Ngati malipiro anu satha kufika kumapeto kwa mwezi, kadi iyi musaiyandikire, yambani mwalankhula ndi StepChange kapena National Debtline, mabungwe olangiza anthu angongole, thandizo lawo ndi laulere. Ine mwezi wathawu andivomera foni ya kontilakiti, yotchipa ndithu koma m'dzina langa. Kadiyo imagona m'galimoto, ndipo nambala yake ndinaifufuta mu app yotumizira ndalama kumudzi.