Msika waufulu kapena boma ligwire msika? Ine ndaziyesa ziwirizi ndi chimanga

Anzanga a pagulu lathu lija mwakhala mukundifunsa mobwerezabwereza kuti kodi ine ndili mbali iti, ya ma libertarian amene amati boma lichoke pamsika anthu azigulitsana okha mwaufulu, kapena ya asosholisiti amene amati msika ukasiyidwa wokha umadya osauka. Kuyankha pang'onopang'ono pa WhatsApp ndaona kuti sikukutha, nde ndalemba kamodzi basi. Zoti mbali iliyonse imatanthauza chani sindifotokoza, mukuzidziwa kale. Komanso sindiziyesa ndi mafoni kapena kaunjika, pamenepo ma libertarian apambana popanda mkangano, palibe amene amafuna kuti boma lizikhazikitsa mtengo wa tomato pa Lizulu kapena wa kabaza. Ine ndiziyesa ndi chimanga, chifukwa foni ukhoza kudikira chaka chamawa koma nsima sungadikire.

Ndiyambe ndi zomwe ma libertarian amanena zoona, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono. Katswiri wa zachuma Friedrich Hayek analemba mu 1945 kuti mtengo ndi uthenga. Chimanga chikakwera ku Nsanje, munthu wa lole ku Mchinji safunika kalata yochoka ku Capital Hill, mtengowo wamuuza kale komwe kuli njala ndipo anyamuka. Palibe ofesi yomwe ingadziwe zonse zomwe alimi ndi ogula mamiliyoni akudziwa aliyense pamalo pake. Amene akukayika afunse abale athu a ku Zimbabwe zomwe zinachitika mu 2007 boma litalamula kuti mitengo idulidwe, mashelefu m'mashopu anangotsala opanda kanthu, katundu n'kumapezeka kuseri pa mtengo wokwera kuposa kale. Ngakhale kwathu konkuno mu 2017 chimanga chinachita bwino koma chiletso chogulitsa kunja chinali chikadalipo, mtengo unagwa mpaka alimi ambiri sanabweze olo ndalama ya feteleza. Amene anawapweteka pamenepo si venda ayi, linali lamulo la boma.

Ndipo achinyamata amene mumalankhula za ADMARC ya nthawi ya Kamuzu ngati kunali kumwamba, funsani agogo bwinobwino. Inde misika inalipo mpaka kumidzi, inde mtengo unali umodzi dziko lonse. Koma ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971 inkagula fodya, mtedza ndi thonje kwa alimi ang'onoang'ono motchipa n'kukagulitsa kunja modula, ndipo phindu lambiri linkapita kokatukula maesiteti ndi makampani ngati Press, osati kwa mlimi uja. Mlimi wamba sankaloledwa n'komwe kulima fodya wa bale, unali wa maesiteti okha mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Umenewo unali msonkho wobisika, ndipo munthu wa libertarian akauloza ine ndimangovomera.

Koma msika waufulu nawo uli ndi msonkho wake wobisika, ndipo umenewu ndi umene unandiluma ine, ndiye apa nditenga nthawi.

Mayi anga aang'ono amalima kumudzi, alibe ntchito ina. Chaka china anakolola bwino ndithu, koma mu Meyi sukulu ikufuna fizi ya mwana, amene anawakongoza feteleza akugogoda pakhomo tsiku ndi tsiku, komanso panali wodwala m'nyumba. Pa trading pathu nthawi imeneyo wogula anali venda mmodzi, wamangirira sikelo yake pamtengo. Mtengo anatchula yekha, wotsika kuposa umene boma linalengeza pa wailesi, ndipo thumba lomwe kunyumba linkadzaza bwinobwino pasikelo yake linkapereweza makilogalamu angapo nthawi zonse. Mayiwo anaona, anadandaula, anagulitsabe. Akanapita kuti? Kukafika kuboma ndi matumba ndiye kuti ulipire ngolo kapena galimoto, ndipo kumeneko ukapezanso anzake a venda yemweyo atagwirizana kale mtengo. Itafika Febuluwale nkhokwe yatha, ine ndi amene ndinatumiza ndalama kuti akagule chimanga, ndipo anakagula pa shedi ya munthu yemwe uja, mwina chimanga chawo chomwe chija, pa mtengo wopitirira kawiri umene anagulitsira. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umandiwawa.

Nkhani imeneyi ndikawauza anzanga a libertarian amandiyankha zinthu ziwiri. Choyamba amati sikelo yoberayo ndi chinyengo, ndipo ngakhale iwo amafuna boma lothana ndi akuba ndi achinyengo, nde a Malawi Bureau of Standards azigwira ntchito yawo. Chabwino, pamenepo tagwirizana. Chachiwiri amati za mtengozo palibe cholakwa chifukwa palibe anawaloza mfuti, anagulitsa mwa kufuna kwawo, komanso venda uja anasunga chimanga miyezi yambiri, anagula mankhwala a anankafumbwe, analipira shedi ndi mlonda, akanatha kuluza mtengo ukanagwa. Zoona anasunga, ndipo kusunga ndi ntchito, sindikukana. Koma mawu akuti mwa kufuna kwawo ndi amene ine sindingawameze. Awiriwa sanakumane ngati anthu ofanana, wina anali ndi ndalama zoti akhoza kudikira mpaka Febuluwale, winayo sakanatha kudikira olo mpaka Loweruka. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Phindu lalikulu la venda silichokera pa nzeru kapena khama loposa la mlimi, likuchokera poti iye angathe kudikira, ndipo chaka chilichonse amene sangathe kudikira amalipira kawiri, pogulitsa mu Meyi komanso pogula mu Febuluwale. Msonkho umenewu sulembedwa pa lisiti iliyonse ndipo amaupereka ndi osauka okhaokha.

Apa ndi pamene asosholisiti amandifika pamtima. Karl Marx ankanena kuti wantchito ndi mfulu pawiri, mfulu kugulitsa mphamvu zake kwa aliyense, komanso mfulu chifukwa alibe chilichonse choti angadalire akakana. Iye ankanena za mafakitale a ku England koma aliyense amene anaonapo ganyu ya mu Januwale akumvetsa popanda kuwerenga buku. Munthu akupalira m'munda mwa mnzake kuti alandire kambale ka ufa kapena madeya, pomwe munda wake womwe ukumera tchire nthawi yomweyo, nde chaka chamawa akololanso pang'ono, abwererenso kuganyu. Akatenga katapila kuti apulumuke ndiye wadzimangirira zaka. Palibe wamukakamiza, mapangano onse ndi aufulu, koma zotsatira zake timazidziwa tisanayambe n'komwe.

Za njala ya 2002 mbali zonse ziwiri zimakokera kwawo. Amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi kuyambira 1987, nthawi ya mapulogalamu a World Bank ndi IMF, ndipo ADMARC inayamba kutseka misika ina yakumidzi yomwe sinkabweretsa phindu, chikhulupiriro chinali choti amalonda adzalowa m'malo. Kufupi ndi misewu analowadi, kumidzi yakutali sanapiteko mokwanira chifukwa kulibe phindu. Kenako NFRA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 kuti izisunga chimanga cha dziko, inali ndi ngongole ya kubanki, a IMF analangiza kuti gawo lina la chimangacho ligulitsidwe, koma chinagulitsidwa pafupifupi chonse, zokolola za 2001 n'kukhala zochepa. Pofika Febuluwale 2002 a Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, mtengo unali utakwera kangapo ndipo anthu ambiri anafa. A libertarian amati mwaona, ndi akuluakulu a boma ndi katangale wawo amene anagulitsa nkhokwe. Asosholisiti amati mwaona, nkhokwe ya dziko munaisandutsa bizinesi yoti izibweza ngongole. Onse akunena zoona, koma chimene ine sindiiwala n'choti chimanga china chinalipo m'mashedi mwa anthu, chikudikira kuti mtengo ukwerebe. Uthenga wa Hayek uja unafika, mtengo unakuwa kuti kuli njala, koma msika umamva munthu amene ali ndi ndalama m'thumba, amene alibe ngakhale akuwe bwanji sumumva.

Pali kanthu kenanso komwe anzanga a libertarian sakonda kukakamba. Robert Nozick, amene iwo amamutama kwambiri, ananena mu 1974 kuti chuma ndi chako mwachilungamo ngati chinapezedwa mwachilungamo poyamba penipeni n'kumapatsirana mwaufulu, ndipo anavomereza yekha kuti pomwe panali kulanda pamafunika kukonza. Nde tiyeni ku Thyolo ndi ku Mulanje. Malo abwino aja anapita kwa azungu ndi zikalata zomwe Harry Johnston ankapereka m'zaka za m'ma 1890, anthu n'kumagwira thangata pa nthaka yomwe ankakhalapo, ndipo lero mabanja ambiri kumeneko akulima kamunda kosakwana kudyetsa banja chaka chonse, tiyi atawazungulira. Ukauza munthu woteroyo kuti kuyambira lero tonse tipikisane mwaufulu, wayambira pakati pa nkhani. Mwa malamulo a Nozick yemweyo kukonza kumayenera kubwera kaye.

Pa nkhani ya ufulu wolankhula ndi kuopa boma lamphamvu kwambiri, ma libertarian ali ndi mfundo, ife tinakhalapo pansi pa chipani chimodzi mpaka referendamu ya 1993 ndipo sitifuna kubwererako. Pa nkhani yoti ndani amabweretsa zinthu zatsopano mwachangu, msika wapambana. Pa katangale palibe wopambana.

Tsono asosholisiti musasangalale msanga, chifukwa matenda mumawadziwa bwino koma mankhwala anu amavuta. Ku Tanzania a Nyerere anayamba Ujamaa ndi mtima wabwino mu 1967, koma pofika m'ma 1970 anthu ankasamutsidwa mokakamiza kupita m'midzi yatsopano ndipo dziko linafika poitanitsa chakudya kunja. Kwathu kuno makuponi a feteleza omwe a Bingu anayambitsa mu 2005 anathandiza, chimanga chinachuluka ndipo ine ndimawateteza mpaka lero, koma tonse tikudziwa momwe mayina amasowera pamndandanda, momwe makuponi ankagulitsidwira kuseri, ndi momwe pulogalamuyi, ngakhale itasinthidwa kukhala AIP mu 2020, yakhala ikudyera gawo lalikulu la bajeti ya zaulimi mpaka ulangizi ndi ulimi wothirira kutsala opanda kanthu. ADMARC nayo zaka zambiri ndalama zogulira mbewu imalandira mochedwa, ikamatsegula misika mavenda atasesa kale m'midzi, ndipo mu 2022 boma linachita kuiimitsa n'kuchotsa antchito kuti liikonzenso. Mtengo wa boma wolengezedwa pa wailesi popanda wogula amene ali ndi ndalama pamalopo ndi mawu chabe, mayi anga aang'ono anaumva mtengowo ndipo sunawathandize kanthu.

Nde mukandifunsa kuti ndasankha chani, pa chimanga ndili ndi otsutsa msika waufulu, ndipo ndikudziwa kuti mkwiyo wa venda uja ulimo m'chigamulo changachi, sindikubisa. Mavenda asathamangitsidwe, azigula, azinyamula, azipikisana, ndipo ziletso zogulitsa kunja zongodzukira zija zithe chifukwa zimapweteka mlimi yemweyo. Koma pakhale wogula wa boma kapena wa makopaletivi a alimi amene ali pamsika ndi ndalama m'manja kuyambira Epulo osati Ogasiti, sikelo yake yoyesedwa, kuti venda adziwe kuti mlimi ali ndi kwina kopita. Nkhokwe ya dziko ikhale yodzaza, ndipo chiwerengero cha matumba omwe alimo chizilengezedwa poyera mwezi ndi mwezi kuti wina asadzagulitsenso usiku ngati mu 2001. Amene mukuti zimenezi n'zodula, inde n'zodula, koma chimanga chogula kunja ndi madola kwacha itagwa ndi 44 peresenti ngati mu Novembala 2023 n'chodula kuposa pamenepo.