Mafuta ophikira m'galimoto ya dizilo: kusakaniza, mathanki awiri, kapena biodiesel?

Zoti injini ya dizilo ingayendere mafuta a mbewu si nkhani yotsutsana. Pa chionetsero cha ku Paris mu 1900 panali injini yotere imene inkayendera mafuta a mtedza. Kuyaka amayaka ndithu. Pamene timasiyana maganizo, anzanga, ndi pa njira yowafikitsira mu silinda popanda kupha pampu ya mafuta ndi mainjekita.

Vuto lonse lagona pa kunanda. Pa madigiri 40, mafuta a mpendadzuwa kapena a canola amananda kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi dizilo. Injekita inapangidwa kuti izipopera dizilo ngati nkhungu, ndiye mukaipatsa mafuta onanda ozizira imalavula madontho akuluakulu amene sapsa onse. Ena amasanduka makala pakamwa pa injekita ndi pa maring'i a pisitoni, ena amatsikira ku sampu, pansi pa injini pamene pamakhala oyilo. Kumeneko sauluka ngakhale injini itatentha bwanji. Amangounjikana mu oyilo mpaka oyiloyo amagwirana ngati ulimbo. Njira iliyonse iyesedwe ndi funso limodzi: kunandako yakuchotsa bwanji?

Kusakaniza ndi kumene kumakopa anthu ambiri chifukwa simugula kanthu. Mumangothira mafuta ophikira pang'ono mu thanki ya dizilo, mwina lita imodzi pa malita asanu, galimoto n'kuliza ngati kale. Pa injini yakale, nyengo yotentha, mutha kuyenda nthawi yaitali osaona chachilendo. Koma kunanda mwangokuchepetsa, simunakuchotse, ndipo m'mawa uliwonse injini yozizira imayamba ndi mafuta omwewo, pa nthawi imene makala amapangika kwambiri. Chimandidetsa nkhawa n'chakuti kuwonongekako sikumveka. Munthu amaona kuti zikuyenda, amawonjezera mpaka theka ndi theka, ndipo pamene utsi wayamba kuchuluka maring'i amakhala atamatirira kale.

Njira ya mathanki awiri imasintha galimoto, mafuta n'kuwasiya mmene alili. Thanki imodzi imakhala ya dizilo, inayo ya mafuta ophikira. Poyamba mumaliza injini ndi dizilo, n'kuyenda mpaka itenthe. Madzi otentha a mu injini amadutsa m'mapaipi otenthetsa mafuta ophikira aja mpaka madigiri 70 kapena 80, pamene amasungunuka n'kuyandikira kupyapyala kwa dizilo. Apo ndiye mumatembenuza vavu. Mukatsala pang'ono kufika, mumabwereranso ku dizilo kwa mphindi zingapo kuti atsuke pampu ndi mainjekita. Mukaiwala, mafuta onanda amagona mu pampu usiku wonse, ndipo m'mawa galimoto imavuta kuliza, pampu n'kumakoka zinthu zolemera.

Pa maulendo ataliatali njirayi ndi yabwino zedi, chifukwa gawo lalikulu la ulendo mumayendera mafuta ophikira. Kwa munthu wongoyenda makilomita asanu kupita ku ntchito ilibe phindu. Injini ikamatentha amakhala wafika. Oyilo nayenso amafunika kusinthidwa pafupipafupi kuposa mmene buku la galimoto limanenera. Palinso zipangizo za thanki imodzi, monga za kampani ya Elsbett ya ku Germany, zimene zimasintha manozo a mainjekita ndi mapulagi otenthetsa kuti muzilizira mafuta ophikira omwewo. Zimachotsa vuto la kuiwala vavu, koma zimafuna mafuta oyera kwambiri, ngati a canola a muyezo wa DIN 51605.

Biodiesel ndi njira yotembenuza: galimoto muisiye, musinthe mafutawo. Mumawatenthetsa pafupifupi madigiri 55, n'kusakanizamo methanol, pafupifupi lita imodzi pa malita asanu a mafuta, ndi soda wa kositiki pang'ono. Giliselini, amene ndiye amamanga mafutawo kuti azinanda, amadikha pansi, pamwamba n'kutsala mafuta opyapyala oyandikana ndi dizilo. Amenewo amatsukidwa ndi kuumitsidwa, apo ayi sopo ndi madzi zilowa mu pampu. Ubwino wake ndi waukulu: palibe thanki yachiwiri, palibe vavu, ulendo waufupi ndi wautali n'chimodzimodzi, ndipo mutha kusakaniza ndi dizilo mulingo uliwonse. Ku Ulaya dizilo wamba wa pa filing'i siteshoni amakhala kale ndi biodiesel wofika 7 peresenti.

Koma musaone kuphweka kwa pa pepala. Methanol ndi poizoni, amachititsa munthu kusaona, amalowa m'thupi ngakhale kudzera pakhungu la munthu, ndipo sachedwa kugwira moto. Kositiki amawotcha maso. Si ntchito yochitira m'khitchini. Biodiesel amadyanso mapaipi akale a labala, choncho pamafunika a labala wolimba wotchedwa Viton, ndipo amakokolola litsiro lonse la mu thanki, moti fyuluta yoyamba imatsekeka msanga. Pa lita imodzi mphamvu yake ndi yocheperako poyerekeza ndi dizilo, ndipo kukazizira kwambiri amaundana.

Ndikamamva anthu akukangana za njira zitatuzi ndimaona kuti ayambira kumapeto. Choyamba tsegulani boneti muone pampu. Injini zakale zimene zimapopera mafuta m'kachipinda kapadera asanalowe mu silinda, zokhala ndi pampu ya Bosch, monga OM617 ya Mercedes-Benz W123, zimapirira mafuta ophikira otenthetsedwa. Mapampu a Lucas CAV amadziwika kuti amathyoka mkati akakumana ndi mafuta onanda. Injini zamakono za common rail, zimene zimapopera pa mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo tating'onoting'ono, makamaka zokhala ndi fyuluta ya mwaye ya DPF, musazipatse mafuta ophikira ngakhale pang'ono. Mainjekita ake okha adzadya ndalama zonse zimene munapulumutsa. Kwa injini zotere, biodiesel wa muyezo wa EN 14214 kapena ASTM D6751 yekha, pa mulingo umene opanga galimotoyo amalola.

Mafuta ogwiritsidwa kale ntchito ndi amene amapangitsa masamu onsewa kukhala ndi phindu, chifukwa atsopano nthawi zambiri satsika mtengo kuposa dizilo, komanso ndi chakudya cha anthu. Koma okazingira amabwera ndi madzi, mchere, zinyenyeswa ndi asidi. Asiyeni adikhe kwa milungu ingapo, muwasefe ndi sefa ya timabowo tating'onoting'ono ta ma micron 5, kenako mudonthezere pang'ono pa chiwaya chotentha. Akathetheka, madzi adakalimo. Pa mathanki awiri asidi uja amapita ku pampu mmene alili, pomwe popanga biodiesel mumamuyeza n'kuwonjezera kositiki woyenerera. Za msonkho nazo funsani, malamulo amasiyana: ku Britain, kuyambira 2007, wopanga malita osafika 2,500 pachaka salipira msonkho wa mafuta.

Ine, nditakhala ndi injini yakale ya pampu ya Bosch ndi maulendo aatali, ndingasankhe mathanki awiri. Nditakhala woyenda m'tauni, wokhala ndi malo abwino ogwirira ntchito kutali ndi ana ndi moto, ndingapange biodiesel. Kusakaniza ndingakulole pa tsiku limene dizilo wasowa, injini ili yotentha kale, ndipo ndikangomupeza ndingadzaze thanki yonse.