Makina oumitsira ndiwo: therere langa likulendabe

Makinawa ndawagwiritsa ntchito kuyambira dzinja lapitali ndipo ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5. Ndi aja amagetsi ozungulira, okhala ndi mathireyi asanu apulasitiki komanso kopotokola kosankhira kutentha, kuyambira madigiri 35 mpaka 70. Ndinawagula m'tauni muno mu Harare chifukwa cha mfutso basi. Ndiwo zimatchipa ku Mbare Musika mu Januwale ndi Febuluwale, koma nthawi imeneyo ndi yomwenso dzuwa silidalirika. Uyanike padenga la malata, mvula ikupeze uli kuntchito, pobwera upeza ndiwo zachita chuku.

Pomwe makinawa andigwira mtima ndi pa therere lobala. Tonse timadziwa kuti therere losalenda si therere. Kulenda kuja kumachokera ku zomwe asayansi amati ma polysaccharide, shuga wolumikizana m'mizere italiitali, wa mtundu wa pectin. Mizereyo ikakhala yaitali, imagwira madzi ndipo therere limatsata chipande. Ikaduka chifukwa cha kutentha kwambiri kapena kotenga nthawi yaitali, msuzi umangokhala tsululu. Mizere yomweyi ndi yomwenso imathandiza m'mimba, chifukwa imachedwetsa shuga kulowa m'magazi munthu akadya. Amayi anga ali ndi matenda a shuga, ndiye nkhaniyi sindiitenga mwachibwana, ngakhale therere silingalowe m'malo mwa mankhwala akuchipatala.

Ndimadula therere mopyapyala, mozungulira, ndikuliyala osasanjikiza, kenaka ndimaika pa madigiri 55. Ndikayatsa madzulo, m'mawa limakhala lauma gwa, lothyoka ndi zala, mtundu wake udakali wobiriwira, tinjere tili mbee. Kulisinja n'kuliphika ndi kachidulo pang'ono ndi tomato, limalenda pafupifupi ngati longothyola kumene. Mlamu wanga ali ndi makina ofanana nawo koma amakonda kuika pa 70 kuti zithe msanga. Lake limatuluka lofiirira m'mbali, ndipo mumphika limalenda mwaulesi. Kutentha kukakwera chonchi, kunja kumauma msanga n'kutsekera chinyezi m'kati, ndiye ukasunga m'botolo limayamba kufewanso.

Pa ndiwo zamasamba, nkhwani, chitambe ndi bonongwe, ndimayamba ndaziviika m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, osati kuzibwatitsa mpaka kuda. Kuviikako kumathandiza kuti mtundu ndi kakomedwe zisasinthe posunga, koma mukachedwetsa, vitamini C amatsalira m'madzimo. Ubwino wina ndi wakuti m'makinamu mulibe dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kumawononga carotene, amene thupi limamusandutsa vitamini A, komanso ndi kumene kumachititsa kuti mfutso wapadenga utuwe. Wam'makina umakhala wobiriwira ndithu, wopanda mchenga wokukuta m'mano. Bowa nayenso amauma bwino, fungo lake silithawa.

Sindikunyoza njira ya makolo ayi. Agogo ankafutsa ndiwo n'kumanga m'chikwatu, ndipo tinakula nazo. Mu Juni ndi Julaye, kunja kukauma, ine ndimayanikabe pamthunzi podutsa mphepo ndipo zimakhala bwino popanda kulipira magetsi.

Tsopano zomwe zachotsetsa nyenyezi imodzi. Choyamba ndi magetsi. Akathima pakati pa usiku, therere lodula limakhala lofunda komanso lonyowa m'kati motsekamo, ndipo pofika m'mawa layamba kununkha. Makinawa alibe chochenjeza chilichonse, ndiye amene alibe sola kunyumba ayambe waona nthawi yomwe magetsi amakhalapo kudera kwawo. Chachiwiri, mphepo yotentha imachokera pansi, motero thireyi yapansi imauma msanga kuposa yapamwamba. Pamafunika kumasinthanitsa, apo ayi zapansi zipserera zapamwamba zisanaume. Mabowo a mathireyi nawonso ndi aakulu, masamba a bonongwe akafota amagwera pansi. Ndinachita kudula kansalu ka neti n'kuyala pamwamba.

Musayembekezere zambiri pa ulendo umodzi. Therere laliwisi pafupifupi magawo 9 mwa 10 ndi madzi, choncho mathireyi asanu odzaza amangokupatsani kabotolo kamodzi. Kwa amayi ogulitsa mfutso pamsika makinawa ndi aang'ono, bola apeze choumitsira chachikulu choyendera dzuwa chokhala ndi chivindikiro. Koma ngati n'zapakhomo, banja la anthu ochepa ngati langa, gulani, ndipo pa therere kopotokola kaja kasapitirire pa 60.